Mutu 7: Nkhope ya Mwana wa Beseni

1. Lamulo la Azakhali

Dzina loti Naphuma sanabadwe nalo ayi. Anamupatsa ndi azakhali ake tsiku loyamba kulowa m'chipinda chawo chojambulira, atagubuduza botolo la mafuta pothamangira burashi. Kuyambira pamenepo aliyense, ngakhale anzake a Fomu 3, ankangomuitana choncho, iye n'kumavomera.

Chipindacho chinali kuseri kwa nyumba ya Azakhali, moyang'anizana ndi shedi ya bambo wina wolemba zikwangwani. Chinali ndi zenera limodzi lalikulu, zitini za maburashi, ndi tebulo lodzaza machubu a utoto ofinyidwa mpaka kumchira. Fungo la mafuta linkakuchingamira usanagogode n'komwe.

M'tauni monsemo, wodziwa kujambula ndi utoto wamafuta anali Azakhali okha. Wochotsedwa m'chipinda chimenechi analibenso kwina kolowera. Bambo ake a Naphuma nawo anachita kuvomera monyinyirika kuti mwana azipitako akaweruka kusukulu, ndipo ananeneratu kuti akadzangobwezedwa, nkhani ya zojambula idzathere pomwepo.

Mwezi umenewo Azakhali anabwereka chithunzi chakale kutchalitchi chakumtunda kuti Naphuma aphunzirirepo. Chinkaonetsa tsiku limene mpingowo unadalitsa belu lake loyamba, kalekale bambo ake a Naphuma asanabadwe. Belu linali pakati, lopachikidwa pa mitengo itatu. Wansembe wa mkanjo woyera anali atatukula dzanja, kumbuyo kwake kuli mzere wa anthu onyamula makandulo. Pakona yakumunsi, chakumanzere, panaima kamtsikana konyamula beseni la madzi odalitsira.

Ntchito ya Naphuma inali kujambula zonsezo pa chinsalu chake, osasiyako kanthu. Anamupatsa masabata anayi, poti Loweruka lachinayi mkulu woyang'anira tchalitchi ankabwera kudzatenga chithunzicho.

Tsiku lomwe chinafika, Azakhali anamukhazika pa mpando, iwo n'kuima kutsogolo kwake, manja ali m'chiuno.

"Tamvera kuno, mwana wa achimwene, ndipo undimvere ndi makutu onse awiri," anatero. "Chithunzi ichi si changa, si chako. Ndachita kuchonderera, ndipo andipatsa chifukwa zaka zonsezi sindinawaonongerepo kanthu. Uzichiyang'ana ndi maso basi. Chala ayi, nsalu ayi, madzi ayi, ngakhale kuuzira fumbi ndi pakamwa sindikufuna. Ukuona mmene chaderamu? Umenewo ndi mwaye wa makandulo ndi vanishi wokalamba. Zinalowerera mpaka kugwirana ndi utoto, moti wochotsa chimodzi amachotsa zonse. Alipo anthu amene anaphunzira ntchito yotsuka zithunzi zakale. Ine si mmodzi wa iwo, ndiye iwe usayerekeze n'komwe. Pamene sukuona bwino, khala pansi, udikire dzuwa lifike pazenera, uyang'anenso. Ukumukumbukira mnyamata uja ndinkamuphunzitsa chaka chatha? Anangopukuta felemu ya eni ake ndi kansalu konyowa. Luso anali nalo kukuposa iwe, koma ndinamutsegulira chitseko tsiku lomwelo. Usaganize kuti chibale chidzakupulumutsa. Ukadzakhudza chithunzi ichi, utuluka."

"Ndamva, Azakhali."

"Kumva umamva iwe. Vuto lako ndi manjawo."

2. Nkhope yokanika

Masabata atatu anayenda bwino ndithu. Naphuma anayamba ndi utoto wopyapyala ngati tiyi wopanda mkaka, kulemba pokhala belu, pokhala wansembe, pokhala makandulo. Zitauma anawonjezera wina pamwamba, n'kudikiranso. Kudikirako kunkamupweteka kuposa ntchito yeniyeniyo, koma anapirira.

Belu linatuluka lolemera, lokhala ngati ungaligogode n'kulira. Mkanjo wa wansembe Azakhali anauyang'ana nthawi yaitali n'kungoti, "Mhm." Kwa iwo kumeneko kunali kuyamikira kwakukulu, moti Naphuma anapita kwawo akuvina m'njira.

Koma nkhope ya mwana wa beseni ndiye inamudya mutu. Pakona imeneyo mwaye unali wochindikala kuposa pena paliponse. Anaijambula kasanu, ndipo kasanu konse Azakhali anamupatsa mpeni kuti aipale.

"Ichi n'chiyani? Wajambula mbatata yovala diresi," anatero ulendo wachisanuwo. "Maso ake akuyang'ana kuti mwanayu?"

"Koma Azakhali, nkhopeyo sikuoneka. Pali mdima wokhawokha."

"Ikuoneka. Iweyo ndiye sunaiyang'ane mokwanira."

Lachitatu la sabata yomaliza, Naphuma atafika kuchokera kusukulu anapeza Azakhali atamanga kale chikwama. Foni inali itabwera yoti mwana wawo wamkazi, wokhala kutauni ina, wachira ndi mwana wamwamuna.

"Ndibwera Loweruka m'mawa, a Mkulu akutchalitchi asanafike," anatero akumanga mpango. "Nkhopeyo ikakukanika, isiye choncho, si mlandu. Chimene sindikufuna n'kuunjika utoto chifukwa cha changu. Utoto wamafuta si wa m'mabotolo a kusukulu wouma uli pomwepo. Umauma pa nthawi yake, ndipo ukauthirira mafuta ambiri kuti uwale, umatha ngakhale masabata awiri uli wonyowa. Ndiye kunja kwachitaku, mvula yokhayokha, usayembekeze chozizwitsa. Ukamachoka uzitseka zenera."

Anatuluka, n'kubwereranso kudzasuzumira pakhomo. "Ndipo chija ndinanena chija sichinasinthe."

3. Nzeru za a Zikwangwani

Masanawo kunja kunali kamvula kowaza, ndipo m'chipindamo munachita kamdima. Naphuma anakokera mpando pafupi ndi chithunzi chakalecho, manja atawabisa kumbuyo, n'kuyang'anitsitsa pakona paja mpaka maso kuchita misozi. Sanaone kanthu koma chibulungwa chakuda.

Pakhomo panamveka odi. Anali bambo wa shedi uja, amene anthu ankangowatchula kuti a Zikwangwani. Anabwera kudzabwereka lula, kathabwa koyezera kaja, koma anali munthu woti akalowa m'nyumba satuluka asanapereke malangizo.

"Mwana iwe, nkhope yakwinyika chonchi kwagwanji?"

Naphuma anawafotokozera. A Zikwangwani anawerama, n'kusuzumira pakonapo, kenako anaseka chikhakhali.

"Aaa, zimenezi basi? Ili ndi litsiro chabe! Azakhali akowa ndi anthu akale, chilichonse amachiopa. Ine zikwangwani zakuda bii, zoti zakhala pamsewu zaka khumi, ndimazipukuta ndi thina n'kuwala ngati ndazilemba dzulo."

Anapisa m'thumba la ovololo n'kutulutsa kabotolo ka thina, mankhwala aja osungunulira penti.

"Kadontho kamodzi pa thonje, upukute pang'ono pakona pomwepo, uone nkhope, ujambule, nkhani yatha. Adziwa ndani?"

"Ayi, bambo. Azakhali anakaniza."

"Chabwino, zako zimenezo. Ine ndimangothandiza." Anatenga lula n'kutuluka, koma kabotolo anakasiya pazenera.

Munthu wolemba MULI MAZIRA MUNO pa malata angadziwe chiyani za chithunzi chakale chonchija? Funso limeneli Naphuma akanadzifunsa, bwenzi nkhani ino itathera pompa. Sanadzifunse. Anasesa m'chipinda, anatsuka maburashi oyera kale, maso ali pa kabotolo. Kenako anakhoma chitseko, n'kutenga thonje.

Anadonthezapo kamodzi. Anapukuta pang'onopang'ono pa tsaya la mwana uja.

Abale inu! Mdima unachoka ngati watsegula katani. Panatuluka tsaya lofiirira, lonenepa bwino, ndi diso limodzi lowala. Mwanayo sankayang'ana belu kapena wansembe. Ankayang'ana madzi a m'beseni lake, kakamwa kali kotsegula pang'ono, ngati akuopa kuti atayika. Naphuma anaiwala kupuma. Masabata atatu onse ankafuna chimenechi.

Akanalekera pomwepo, mwina zikanakhalako bwino. Koma anafuna aonenso diso linalo. Ananyowetsanso thonje, ulendo uno mosayeza, n'kupukuta.

Thonje linabwerako lofiirira. Diso lija linatsetsereka n'kusakanikirana ndi mphuno. Naphuma anati akonze msanga ndi mbali youma ya thonje, koma m'mene ankapukuta ndi m'mene zinkafufutikira. Pomwe ankachotsa dzanja, pamalo pa nkhope panali chigamba chotuwa, kukula kwake ngati dzira, ulusi wa chinsalu ukuonekera.

"Mayo ine! Mayo, ndachita chiyani?"

Anathamangira ku shedi mvula ikumuwaza. A Zikwangwani anamumvetsera burashi ili m'manja, ndipo kuseka kuja kunali kutawathera.

"Ine ndinati pang'ono. Iwe wachita kuchapa ngati malaya? Bweretsa botolo langa. Ndipo dzina langa lisamveke m'nkhani imeneyi, wamva? Ine kumeneko ndinangobwera kudzatenga lula."

4. Dzanja la mantha

Naphuma anabwerera m'chipinda. Anakhala pansi penipeni n'kulira. Ankaopa Azakhali, ankaopa bambo ake, koma chimene chinkamuwawa kwambiri chinali choti sadzagwiranso burashi.

Nambala ya foni ya Azakhali ankaidziwa pamtima. Akanatha kupita kunyumba, n'kupempha amayi ake kuti awaimbire. M'malo mwake anapukuta misozi n'kuyang'ana thabwa lake losakanizirapo utoto. Nkhope ija anali ataiona. Inali idakali m'maso mwake, tsaya, diso, kakamwa, zonse.

Anasankha kaburashi kakang'ono kuposa onse. Anasakaniza wofiirira ndi woyera pang'ono, n'kuwonjeza wakuda kuti zifanane ndi mwaye wozungulira. Kenako anachita chinthu chachiwiri chimene sichichitika, kuika utoto wake pa chithunzi cha eni.

Mwana amene ankathamangira chilichonse, tsiku limeneli anajambula modekha ngati nkhalamba. Tsaya linabwerera. Maso onse awiri anatsikira ku beseni. Kakamwa kanatseguka pang'ono. Pomwe ankamaliza, kamtsikana kaja kanali katabwerera pakona pake.

Panatsala vuto limodzi. Chithunzi chonse chinkanyezimira ndi vanishi wakale, koma pamene anajambulapo panali pothima. Wolowa pakhomo akanaona msanga. Naphuma anatenga botolo la mafuta, n'kuthira ambiri mu utoto wotsala, n'kupakanso pamwamba mochindikala mpaka panawala mofanana ndi ponse.

Anakaima pakhomo n'kuyang'ana. Anasunthira kuzenera n'kuyang'ananso. Panalibe chosiyana.

"Pofika Loweruka pakhala patauma," anadziuza mokweza, ngati kuti utotowo uli ndi makutu.

5. Masiku awiri a mvula

Lachinayi kusukulu Naphuma anangopititsako thupi. Aphunzitsi a masamu anamufunsa funso kawiri, iye ali maso ndwii pazenera kuwerenga mitambo.

"Naphuma, lero phuma lija walisiya kunyumba?" anatero aphunzitsiwo, kalasi yonse n'kuseka. Iye sanaseke nawo.

Ataweruka anathamanga osadikira anzake. Anatsegula chipinda, n'kugunda ndi nsonga ya kachala m'mphepete mwa tsitsi la mwana uja. Kachala kanabwerako ndi kadontho kofiirira. Utoto unali wonyowa ngati waupaka kumene.

Anang'amba chikatoni n'kuyamba kukupiza. Anakupiza mpaka mkono kuuma, n'kusinthira mkono wina. Anatsegula zenera kuti mphepo ilowe, koma inalowa ndi mvula, ndiye anatsekanso msangamsanga. Anaganiza zobwereka mbaula, koma anakumbukira kuti utoto wakale umasweka ndi moto. Pamenepo pokha anadziletsa.

Kunyumba chakudya anangochitosatosa.

"Ukudwala iwe?" anafunsa amayi ake akumugwira pachipumi.

"Ayi, amayi. Ndangotopa."

"Kutopa kwanji kosadya? Azakhali akowo akabwerera ndiwauza akuchepetsere ntchito."

"Musawauze kanthu, amayi, chonde!"

Amayi ake anamuyang'ana modabwa, koma sanafunsenso.

Lachisanu kunacha ndi mvula yomweyo. Masana Naphuma anagundanso ndi kachala, ndipo utoto unamata ngati uchi. Poti panalibenso chochita, anatembenukira ku chinsalu chake n'kujambula nkhope ija kachisanu n'chimodzi, akuonera pa imene anaika pa chithunzi cha eni. Inatuluka bwino ndithu, ngakhale sinafike pa inzake ija. Sanasangalale nayo ngakhale pang'ono.

Potuluka anakumana maso ndi a Zikwangwani. Bamboyo anatembenuka n'kuyamba kufunafuna chinthu kuseri kwa malata.

6. Bulangete la a Mkulu

Loweruka Naphuma anafika m'mamawa, n'kupeza Azakhali atafika kale ndi basi yoyamba. Anali osangalala, akusimba za kamdzukulu kawo, kuti kali ndi zala zazitali za wojambula. Kenako anavala magalasi n'kuima kutsogolo kwa chinsalu cha Naphuma.

Anayang'ana belu, anayang'ana makandulo, n'kutsikira pakona.

"Eee, mwana wa achimwene! Ndiye akuyang'ana madzi mwanayu? Maso amenewa wawaona bwanji?"

Naphuma anayankha msanga. "Ndinadikira dzuwa, Azakhali, monga munanenera."

"Dzuwa?" Azakhali anatsitsa magalasi n'kuyang'ana pazenera, pomwe madzi ankatsetsereka. "Sabata ino kuno kunawala dzuwa?"

Asanayankhe, pakhomo panamveka odi wamphamvu. Anali a Mkulu akutchalitchi, bambo wa imvi, wamtali, atakolekera bulangete laubweya paphewa, chingwe chili m'manja.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Ndamva kuti mwalandira mlendo kubanja, tikuthokoza Mulungu. Ndiye uyu ndi mmisiri wathu uja?"

Anayamikira chinsalu cha Naphuma ndi mawu ambiri, mpaka mwana anasowa poyang'ana. Kenako anayala bulangete patebulo, ananyamula chithunzi chakalecho mosamala, n'kuchigoneka chagada pamwamba pake. Asanachikute anawerama, n'kuloza pakona paja chala chili m'malere.

"Mwana wanga, ukumudziwa uyu wanyamula beseniyu? Amenewa ndi amayi anga ondibereka. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankatiuza kuti tsiku limenelo sanamve ulaliki, sanamve nyimbo, ngakhale belu lenilenilo sanalimve. Wansembe anawauza kuti dontho limodzi lisagwe, ndiye iwo mtima wonse unali pa madzi. Nthawi imeneyo kamera kunalibe kwathu, moti nkhope yawo ya paubwana ndi yomweyi basi. Ana a masiku ano mumajambulana kakhumi pa tsiku, n'kufufuta, n'kujambulananso, ndiye simudziwa kuti chithunzi chimodzi chingakhale chuma cha banja lonse. Ine Lamulungu lililonse ndikamatsegula tchalitchi ndimayamba ndawapatsa moni."

Anaweramanso, n'kutsinzinira pang'ono.

"Koma mayi, chipinda chanuchi chili ndi kuwala kwabwino bwanji! Zaka zonsezi sindinawaonepo maso amayi anga ngati lero."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kugwira nsonga ya bulangete.

Naphuma anaona zonse zimene zinkabwera. Ubweya ukanamata pa utoto wonyowa. Pokafunyulula kutchalitchi, nkhope ikanatsalira pa bulangete, ndipo bambo wokalambayu akanaganiza kuti waononga yekha amayi ake ndi manja ake. Naphuma akanangokhala chete, Lolemba akanabweranso kudzajambula ngati palibe chachitika.

Bulangete linakwera m'mwamba, n'kuyamba kutsika.

"Musakute!"

Mawuwo anatuluka mokuwa moti a Mkulu anadzidzimuka, bulangete lili lende m'manja.

"Musakute, bambo, chonde. Pamenepo m'ponyowa."

"Ponyowa?" anatero Azakhali, mawu ali pansipansi. "Chithunzi chakale chonchi chinyowa bwanji?"

Naphuma anagwada pansi. Anafotokoza zonse akulira, za thina, za thonje, za chigamba chotuwa, za kaburashi, za mafuta, ndi za bodza la dzuwa. A Zikwangwani anawatchula kamodzi kokha, n'kuwonjeza kuti, "Koma wopukuta ndinali ine."

7. Nsalu yoyera

A Mkulu anakhala pa mpando pang'onopang'ono, bulangete lili pamiyendo.

Azakhali sanakalipe, ndipo zimenezi zinamuopsa Naphuma kuposa kukalipa. Anatenga galasi lokulitsira zinthu, anawerama pakona paja, n'kuyang'ana kuchokera mbali iyi ndi iyo. Atawongoka, nkhope yawo inali yotopa.

"Dzuka. Bwera uime apa," anatero. "Ndakuphunzitsa chaka ndi miyezi itatu, ndipo sunajambulepo chinthu chabwino ngati nkhope iyi. Ine ndemwe ikanandipusitsa. Dzanja limeneli ndi limene ndakhala ndikulidikira nthawi yonseyi."

Anatsegula kabati, natulutsa kansalu koyera kofewa, n'kumupatsa.

"Ifufute."

Naphuma anayang'ana kansaluko, n'kuyang'ana Azakhali.

"Mayi, taimani kaye," anatero a Mkulu. "Poti zachitika kale, bwanji tingoisiya iume? Ikuoneka bwino. Mwanayu akuti anaiona yeniyeniyo asanaifufute. Mwina ndi mmene analili amayi."

"Pepani bambo, sizingatheke," anayankha Azakhali. "Ndikudziwa kuti zikukupwetekani, ndipo wolakwa woyamba ndine, amene ndinasiya katundu wanu m'manja mwa mwana. Koma amenewa si amayi anu. Ameneyu ndi mwana wa m'mutu mwa mtsikana uyu, wojambulidwa Lachitatu pofuna kubisa mlandu. Tikaisiya iume, zidzukulu zanu zizidzapatsa moni bodza, ndipo palibe adzadziwe. Komanso pansi pa utotowu pangakhale patatsala kanthu kena ka mmisiri woyambayo. Anthu odziwa ntchito yokonza zithunzi akhoza kupulumutsapo pang'ono, koma utoto uwu ukangouma, ugwirana ndi zotsalazo, ndiye kuti zapita mpaka kale. Bala libwerere kwa eni ake likuoneka."

A Mkulu anagwedeza mutu movomera. "Ndiloleni ndiyang'aneko kamodzi kokha." Anaimirira, anayang'ana nthawi yaitali, n'kutembenukira kukhoma.

"Osapukuta ngati mbale," anatero Azakhali. "Uzingogunditsa, n'kutukula, n'kupinda nsalu. Yambira kutsitsi."

Naphuma anayamba. Tsitsi linachoka, tsaya linachoka, kakamwa kanachoka. Misozi inkamutsekereza, ndipo Azakhali anamugwira chipumi n'kumukankhira m'mbuyo kuti isadonthere pa chithunzi. Maso anawasiya komalizira. Anaima kaye dzanja lili m'mwamba, koma palibe anamuuza kuti aleke. Anagunditsa kansalu, n'kutukula. Chigamba chotuwa chija chinabwerera.

"Akuluakulu a mpingo akukumana masana ano," anatero a Mkulu osatembenuka. "Akuyembekeza kuti ndibwera nacho chithunzichi. Ine ndekha sindingathe kuwafotokozera."

"Simufotokoza ndinu, bambo," anatero Azakhali akuvala juzi. "Iwe, samba m'manja. Unyamula ndiwe, chosakuta."

Naphuma anasamba, n'kuima pafupi ndi chinsalu chake.

"Azakhali, nanga Lolemba ndibwere?"

"Ayi. Ndinanena, ndipo sindibweza mawu chifukwa choti ndiwe mwana wa achimwene. Maburashi ako uwasiye m'chitini momwemo." Anatenga ambulera kuseri kwa chitseko. "Amene angakubwezeretse muno ndi eni chithunzi okha, ngati angafune. Ine sindikakupepesera."

Anatuluka atatu, kamvula kakuwazabe. Naphuma anali pakati, chithunzi atachigwira ndi manja awiri, chigamba chili poyera. Azakhali anatambasula ambulera n'kufunditsa chithunzicho, mwana n'kumanyowa. Anthu a m'misewu ankaima n'kumayang'ana, ndipo chitunda cha kutchalitchi chinatalika kuposa masiku onse.

Atafika, a Mkulu anakankha chitseko cha kachipinda ka misonkhano. Anthu asanu ndi awiri okhala mozungulira tebulo anasiya kulankhula. Mayi wina wa magalasi, amene anakhala kumutu kwa tebulolo, anayang'ana chigambacho, n'kuyang'ana mtsikana wonyowayo.

"Chiike apa," anatero. "Ndiwe mwana wa yani, ndipo wachita zimenezi ndani?"